WAILESI YOPANDA MLONDA

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi ndi anthu a m'midzi

Nkhani ya lero iri pa cinthu cimene acinyamata amacichula kuti podcast. Dzinali ndi lacilendo, ndipo silinapeze mnzace m'Cicewa, koma cinthuco si cacilendo kweni-kweni. Munthu ali yense amene anamverapo wailesi sadzabvutika kucimvetsa. Podcast ndi mau a anthu olankhula monga a pa wailesi, koma saulutsidwa pa nthawi imodzi yoikika. Mauwo amajambulidwa nasungidwa pa intaneti, ndipo munthu wokhala ndi foni ya m'manja amawatenga pa nthawi imene wafuna yekha. Akhoza kumvera m'mamawa popita kumunda, kuimitsa pofika, ndi kupitiriza madzulo pomwe analekezera. Wailesi sidikira munthu. Wocedwa ku dimba amapeza nkhani itapita. Podcast imadikira.

Komatu kusiyana kwakukulu sikuli pa kudikirako ai. Kuli pa funso lakuti, ndani ali ndi mwai wolankhula kwa anthu ambiri? Kuti ici cimveke bwino nkofunika kukumbuka m'mene wailesi inafikira m'midzi ya kuno.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, wailesi inali katundu wa Azungu ndi anthu ocepa acuma. Bwana Harry Franklin, amene anali mkulu wa nchito yofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, dziko limene lero liri Zambia, anafuna-funa kampani yoti ipange wailesi yochipa, yoyendera batire, imene munthu wamba angathe kugula. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain ndiyo inabvomera, ndipo m'caka ca 1949 wailesiyo inafika. Inali yobulungira monga poto wopanda cogwirira, cifukwa cace anaicha Saucepan Special. Inapakidwa utoto wa bluu, ndipo mabowo ace anachingidwa ndi kasefa kuti mphemvu ndi tizirombo tina tisalowe. Mtengo wace unali £5, batire lace £1. 5s. Ndalama zimenezo sizinali zocepa pa nthawiyo, koma aphunzitsi, makalaliki ndi anthu obwera ku migodi anagula, ndipo pakhomo pokhala wailesi panali kudzaza anthu madzulo ali onse. Nyumba youlutsira mau ya Central African Broadcasting Station inali ku Lusaka, ndipo inali kulankhula m'Cinyanja, Cibemba ndi zinenero zina kwa anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Akulu-akulu ena akumbukirabe liu la Alick Nkhata, woimba ndi wolengeza wa pa wailesi imeneyo.

Taonani m'mene zinthu zinaliri: pakamwa panali pamodzi, makutu zikwi-zikwi. Ndipo pakati pa pakamwapo ndi makutuwo panali kuima munthu. Nkhani isanaulutsidwe inali kuyamba yalembedwa pa pepala, mkulu wa nchito naiwerenga, nafufuta zimene sanazifune. Munthu ameneyu anali ngati mlonda wa pa cipata. Mlonda ali ndi ubwino wace ndi kuipa kwace. Sing'anga wabodza wonena kuti ali ndi mankhwala ociza nthenda zonse sanali kupyola pa cipata capafupi. Koma munthu wodandaula za msonkho kapena za Citaganya ca Federation nayenso sanali kupyola. M'Malawi muno, kuyambira pamene MBC inakhazikitsidwa mu 1964, dziko lonse linakhala ndi mlonda mmodzi yekha kwa zaka pafupi-fupi 30, ndipo anthu anazolowera kumvera ndi khutu limodzi, linalo liri kufunsa cimene casiyidwa. Mawailesi ena anayamba kutsegulidwa itapita 1994, koma ngakhale lero wofuna kuulutsa mau pa mlongoti ayenera kukhala ndi ndalama zambiri ndi ciphaso ca bungwe la MACRA.

Podcast inabwera nigumula mpanda wonse. Ciyambi cace cinali ku America. Ca m'ma 2000 ndi 2001, katswiri wina wa makompyuta dzina lace Dave Winer anakonza njira yakuti mau ojambulidwa azifika okha kwa munthu amene walembetsa. Njirayi ifanana ndi m'mene munthu amalembetsera nyuzipepa ku positi: ukapereka dzina kamodzi, pepala latsopano liri lonse limakupeza popanda kukafunsanso. Mu 2004 Adam Curry, amene kale anali wolengeza pa wailesi ya kanema ya MTV, anayamba kutumiza mau ace mwa njira imeneyi, ndipo ena ambiri anamtsanzira. Dzina lakuti podcast linayamba kuoneka mu February caka comweco m'nyuzipepa ya The Guardian ya ku London, m'nkhani ya mtolankhani Ben Hammersley. Iye analumikiza mau awiri: iPod, kacipangizo komverera nyimbo kamene kampani ya Apple inaturutsa mu 2001, ndi liu la Cingerezi lotanthauza kuulutsa mau. Mu June 2005 Apple inaika mapodcast m'sitolo yace ya nyimbo ya iTunes, ndipo pamenepo anthu wamba anayamba kuwapeza mosabvuta. Cosekesa ncakuti iPod yeni-yeniyo analeka kuipanga mu 2022, koma dzina lace likali moyo, monga mudzi umene umasunga dzina la mfumu imene inaikidwa kale-kale.

Tsono lero wofuna kulankhula kwa anthu safunanso mlongoti, kapena nyumba youlutsira mau, kapena kalata yocokera kwa bwana. Foni imodzi ndi cipinda copanda phokoso zakwana. Mlimi wodziwa kusamala mbuzi angathe kuphunzitsa alimi anzace a m'maboma ena. Mmalawi wa ku Johannesburg kapena ku Manchester angathe kumva cinenero cace ali m'basi popita ku nchito. Mphamvu imeneyi si yamasewera, ndipo mlandu wina wa ku America uonetsa kukula kwace.

M'caka ca 1999 mtsikana wina wa pa sukulu ya sekondale m'dera la Baltimore anapezeka ataphedwa. Apolisi anagwira mnyamata wa pa sukulu yomweyo, Adnan Syed, amene kale anali bwenzi lace, ndipo mu 2000 bwalo linamlamula kukhala m'ndende moyo wace wonse. Iye anakana mlanduwo, koma olabadira anali ocepa. Patapita zaka 14, mtolankhani wamkazi, Sarah Koenig, anayamba kufufuza nkhaniyo m'podcast yochedwa Serial. Kuyambira mu October 2014 anali kuturutsa gawo limodzi pa mlungu, mpaka magawo 12. Anawerenga mapepala a ku bwalo, anafuna mboni zakale, analankhula ndi wandendeyo pa lamya nthawi zambiri, ndipo omvera anamva zonsezi ndi makutu ao. Anthu mamiliyoni anatsata nkhaniyo, nakangana m'nyumba ndi m'maofesi monga anthu amakanganira pocokera ku bwalo la mfumu. Maiyo sanagamule kuti mnyamatayo ndi wosalakwa. Cimene anaonetsa ncakuti umboni umene anamangidwa nao unali ndi mipata yambiri.

Mlandu umene unaiwalika unauka. Mu September 2022 woweruza anafafaniza cigamulo cija, ndipo Syed anaturuka atakhala m'ndende zaka 23. Koma sizinathere pomwepo. Mlongo wace wa mtsikana wophedwayo anadandaula kuti sanauzidwe m'nthawi yabwino kuti akakhale nao pa bwalo, ndipo mu 2023 bwalo la apilo linabwezera cigamulo cakale. Bwalo lalikulu la Maryland linabvomereza zomwezo mu 2024. Potsiriza, mu March 2025, woweruza analamula kuti zaka zimene wakhala kale m'ndende zakwana. Munthuyo ali kunja, koma mwa lamulo mlandu ukali pa mutu pace. Ali yense womva mbiri imeneyi ayenera kukumbukanso banja la mtsikana uja. Imfa ya mwana wao inasanduka nkhani yoceza nayo anthu osamdziwa, ndipo iwo anadandaula poyera kuti cironda cao ciri kukandidwanso. Mlonda wa wailesi yakale mwina akadakana nkhani yotere, ndipo mnyamatayo akadafera m'ndende osamveka. Mwinanso akadaganizira misozi ya banjalo. Zonse ziwiri nzoona.

Pamene palibe mlonda, bodza nalonso limalowa ndi mtolo wace. Ngakhale akatswiri amanyengedwa. Mu 2018 nyuzipepa yaikulu ya New York Times inaturutsa podcast yochedwa Caliphate, imene tsinde lace linali mnyamata wina wa ku Canada wonena kuti anapita ku Syria, nalowa gulu la zigawenga la ISIS, naphako anthu ndi manja ace. Analankhula mogwira mtima, ndipo podcast imeneyo inalandira mphotho ya Peabody. Mu 2020 apolisi a ku Canada anamgwira mnyamatayo, osati cifukwa ca kupha, koma cifukwa ca kupeka nkhani. Mu December caka comweco nyuzipepayo inabvomera kuti inalephera kufufuza mokwanira, ndipo mphotho ija inabwezedwa. Awa anali anthu ophunzira, a ndalama, okhala ndi akonzi ambiri. Nanga kuli bwanji munthu wolankhula yekha m'cipinda mwace, wopanda womfunsa kuti, kodi zimenezi wazitenga kuti?

Za matenda ndizo zoopsa kopambana. Mu January 2022 madokotala, anamwino, asayansi ndi aphunzitsi 270 analemba kalata yodandaula kwa kampani ya Spotify cifukwa ca zonena zosokeretsa za nthenda ya Covid-19 zimene zinamveka m'podcast ya Joe Rogan, imene inali ndi omvera ambiri zedi. Woimba Neil Young anacotsa nyimbo zace pa Spotify pokwiya ndi zomwezo, ndipo kampaniyo inalonjeza kuika cenjezo pa magawo onena za nthendayo. Koma cenjezo linafika mau atamveka kale.

Cifukwa cace liu limanyenga kuposa pepala ncosabvuta kucipeza. Wowerenga amatha kuima, kubwerera mzere wapamwamba, ndi kuona kuti apa ndi apa sizigwirizana. Womvera amatengeka ndi liu. Munthu ukamamumva mlungu uli wonse, ali kuseka, ali kutsokomola, ali kukamba za ana ace, amasanduka ngati mnansi, ndipo mnansi sumufunsa umboni. Tsopano kwabweranso cina. Mu September 2024 kampani ya Google inaonjezera luso latsopano pa makina ace ochedwa NotebookLM, amene ukawapatsa pepala liri lonse amaturutsa maliu awiri, lacimuna ndi lacikazi, oceza za pepalalo monga anthu awiri a pa wailesi. Amadodoma, amadabwa, amadulana mau, koma palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene analankhula. Pepala likakhala la zoona, macezawo angathandize wophunzira. Likakhala labodza, maliuwo adzalikamba mokoma cimodzi-modzi.

Wina anganene kuti zonsezi nza ku America, kuno kumudzi podcast saidziwa. Dzina lokha ndilo sadziwa. Mau ojambulidwa amene amayenda pa WhatsApp kucokera foni iyi kupita foni iyo, maulaliki ndi macezo amene anyamata a pa msika amaika pa memori khadi, zonsezi ndi ana a banja limodzi ndi podcast. Ndipo izi ndizo zopanda mlonda kotheratu, pakuti podcast yeni-yeni iri ndi dzina ndi mwini wace, koma mau oyenda pa WhatsApp kawiri-kawiri alibe dzina, alibe tsiku, alibe malo. Liu limangoti, abale anga tamverani zimene zacitika kuno, osanena kuti kunoko nkuti. Ku India mu 2018 anthu osalakwa anaphedwa ndi makamu cifukwa ca mauthenga a pa WhatsApp onena za akuba ana. Eni ace a WhatsApp anacepetsa ciwerengero ca anthu amene uthenga umodzi ungatumizidwe kwa iwo nthawi imodzi kufika pa 5, ndipo mu January 2019 lamulolo linafika dziko lonse. Anaikanso kamubvi pamwamba pa uthenga wongopatsirana, kusonyeza kuti wotumizayo si amene anauyamba. Anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo safunika kuuzidwa cimene mphekesera ingacite. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inaphetsa anthu kumeneko, ndipo ogwira nchito za cithandizo ena anacotsedwa m'maderawo. Mphekesera siinayambe ndi foni, koma foni yaipatsa njinga.

Nchito ya mlonda uja siinathe. Yangosamukira kwa womvera. Womvera wanzeru amayamba wafunsa kuti wolankhulayo ndani, ndipo ngati sachula dzina lace, cifukwa cace nciani. Munthu woona zoona saopa kunena kuti ndine uje wa kwa uje, ndinaona izi Laciwiri. Cina coyenera kuchera khutu ndi mathero a nkhani. Ngati mau onse okoma aja athera pa kugulitsa botolo la mankhwala, kapena pa nambala yotumizirako ndalama, ndiye kuti munali pa sitolo osadziwa. Mapodcast ambiri amakhalira ndalama za otsatsa malonda, ndipo ici si colakwa, malinga anene poyera kuti apa tsopano ndi malonda. Koposa zonse muone ngati wolankhulayo anabwererapo kudzakonza cimene ananena molakwa. New York Times inanyengedwa, inde, koma inabvomera pamaso pa anthu. Wolankhula amene zaka zonse sanaphonyepo ndi woyenera kumkaikira. Pa nkhani za mankhwala, katemera, feteleza ndi mbeu, cimene mwamva mukacifunse kwa a cipatala kapena kwa alangizi a zaulimi musanacite kanthu, ndiponso musanatumize kwa wina. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo wotumiza adziwe kuti Malawi ali ndi lamulo la 2016 loona za macitidwe a anthu pa intaneti, ndi kuti ena anakwanidwapo ndi apolisi cifukwa ca zimene anafalitsa pa foni.

Funso limene aphunzitsi amafunsa msanga ndi la mtengo. Mau okha sadya bandulo monga kanema. Ola limodzi la anthu olankhula limatenga pakati pa 30 MB ndi 60 MB, kulingana ndi m'mene anajambulira, pamene kanema wa ola limodzi amadya kangapo kuposa pamenepo. Njira yosunga ndalama ndiyo kukopera gawolo m'foni kamodzi, pa malo pamene netiweki iri yamphamvu, ndi kumvera pambuyo pace popanda intaneti. Mau amene ali kale m'foni angathe kupatsiridwa kwa ena pa Bluetooth kapena pa memori khadi, ndipo mawailesi ang'ono-ang'ono a sola ogulitsidwa m'misika ambiri ali ndi polowetsa khadiyo. Motero mphunzitsi mmodzi wopita ku boma Loweruka angabweretse zomvera za sukulu yonse. Bvuto ndi lakuti zambiri ziri m'Cingerezi. Ana a makalasi apamwamba angapindule nazo pozolowera kumva cinenerocho, koma gogo wa pakhomo sapezamo kanthu.

Apa ndipo pali nchito imene palibe mlendo angaicite m'malo mwa eni mudzi. Mu 1950, 1957 ndi 1958 Hugh Tracey anayenda m'dziko lino kujambula nyimbo za m'midzi. Anali kuyenda ndi magalimoto onyamula makina olemera pamodzi ndi injini yopangira magetsi, imene anali kuimika patali kuti phokoso lace lisalowe m'nyimbo. Zimene anajambula zisungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, nyumba imene anaikhazikitsa mu 1954, ndipo tsopano iri pa Rhodes University ku Makhanda m'dziko la South Africa. Oimba aja ambiri anapita kale, koma bangwe ndi kalimba wao alirabe. Cimene Tracey anacita ndi magalimoto, lero mwana wa Sitandade 8 angacite ndi foni yobwereka. Koma iye anangopyola, ndipo kweni-kweni anatola nyimbo. Mbiri ya m'mene mudzi unasamukira, maina a akalonga ndi anyakwawa, m'mene anthu anapulumukira pa njala ya 1949, nthano, miyambi ndi zirapi, zambiri za izi zikali m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalamba imodzi ikagona zimapita nayo.

Mphunzitsi wofuna kuyesa ayambe wapempha kwa mfumu ndi kwa mwini mauwo, nawauza poyera kuti mau ao akhoza kumveka kutali, kwa anthu osawadziwa. Akakana, kwatha. Za ku dambwe ndi za ku cinamwali zimene mwambo sulola kuululidwa zisiyidwe komweko, pakuti cimene cafika pa intaneti sicibwezeka. Malo abwino ndi m'nyumba ya udzu kapena pa khonde losaomba mphepo; denga la malata limabweza mau, ndipo mvula ikagwa palibe comveka. Foni ikhale pafupi ndi pakamwa pa wolankhula monga utali wa cikhato cimodzi kapena ziwiri, pa mpando kapena pa mtondo wobvundikira, osati m'dzanja logwedezeka. Poyamba peni-peni wojambula achule tsiku, caka, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi dzina la wolankhula ngati walola. Akatero afunse funso limodzi lalifupi nakhale cete, pakuti acinyamata amakonda kudula akulu mau pamene nkhani yayamba kukoma. Atatha, akopere mauwo pa makhadi awiri, lina likhale m'kabati ya mphunzitsi wamkulu, lina liperekedwe kwa banja la wolankhulayo, ndipo pa envulopu ya khadi liri lonse palembedwe ndi inki zimene ziri m'katimo.